Mmene Mungapatire Mphoto ya Filimu Muli ku Chadiza

Wachinyamata wa ku Chadiza amene akulota mphoto ya filimu asadzivute kuonetsa ntchito yake pa Boma kapena pabwalo la a Mfumu Mlolo. Ayambe wapeza pasipoti. Umboni suchita kufunafuna. Rungano Nyoni anabadwira ku Lusaka nkukulira ku Wales, ndipo filimu yake yoseketsa koma yoluma, I Am Not a Witch, anayamba kuionera ndi anthu a ku Cannes, m'dziko la France, mu 2017. Chaka chotsatira inapata mphoto ya BAFTA m'gulu la ongoyamba kumene a ku Britain, ndipo a Britain omwewo anaitumiza kukapikisana pa Oscar ngati yawo, chikhalirecho m'katimo mukumveka Chinyanja. Choncho nkhani ikhale yakwanu, keyala ikhale yakwawo.

Posankha mutu musapite patali. Ufiti uli bwino, maliro ndiye abwino koposa. Filimu yachiwiri ya Nyoni, On Becoming a Guinea Fowl, yonse imazungulira pasiwa ya malume amene abale akubisa zonyansa zake, ndipo mu 2024 inamupezetsa mphoto ya wotsogolera bwino m'chigawo cha Un Certain Regard ku Cannes konko. Zimene ife timanong'onezana kuseri kwa nkhokwe, kumeneko amaziombera m'manja atavala masuti. Za mtengo wa feteleza zisiyeni, oweruza a ku France salima chimanga.

Wina anganene kuti uku ndi kunyoza luso, poti mayiyu ndi katswiri. Ndi katswiridi, ndipo nthabwala zake zimalasa mkulu wa boma wadyera ndi alendo ojambula anthu ovutika mofanana. Koma luso lopanda ndalama za kamera limathera pafoni, ndipo filimu yoyamba ija inathandizidwa ndi makampani a ku Britain ndi France. Winanso angatchule Shemu Joyah wa ku Malawi, amene filimu yake The Road to Sunrise inapambana pa mwambo wa mphoto wa AMVCA mu 2018 osadzera ku Ulaya. Zoona, koma mwambowo unali ku Lagos, ndipo kumeneko sapita pa njinga.

Ndiye gulitsani soya ndi nsawa, mugule jekete lakuda, muphunzire kuwerama pang'ono pamaso pa ojambula. Ife a kwanu musatide nkhawa. Tikadzamva pa wailesi kuti azungu akuyamikani, tidzanena kuti ndinu mwana wathu, kenako tidzabwerera kukaonera za karate kuvidiyo.