Ulemu kwa sitima yodya nkhuni

Inu a ku Matero ndi ku Chawama mu Lusaka amene mumanyinyirika minibasi ikachedwa kudzaza, vulani zipewa. Lero ndikutamanda mwini wake wa kuchedwa, sitima ya nkhuni ya pa nyanja ya Malawi. Agogo a ena mwa ife, Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu a ku Likoma, ankaidziwa bwino.

Tengani Chauncy Maples, sitima ya amishoni a UMCA. Anaipanga ku Glasgow mu 1899, ndipo chibadwire inakana phuma. Inabwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, pofika pa mathithi anthu n'kuisenza pamutu. Chimphika chake chowiritsira madzi, cholemera matani 11, anachikoka pamtunda Angoni 450. Ufumu ndi umenewo: isananyamule munthu ndi mmodzi yemwe, anthu ndiwo anayamba kuinyamula iyo. Manambala a pazidutswa nawo anali atafufutika, amisiri n'kumalumikiza mongolota, mpaka inalowa m'madzi mu 1901.

Nanga kudya! Iyo ndi anzake monga Domira ya kampani ya Mandala sankadziwa kusala. Chakudya chawo chinali nkhuni, milumilu, zodula anthu a m'mbali mwa nyanja. Njala ikawawa, sitima inkaima n'kudya kaye, okwera n'kumayang'ana. Mkulu sasokonezedwa pa mbale.

Chimene ndimazikondera kwambiri sitimazi ndi kuwolowa manja kwake. Azungu, osauka iwo, ankawatsekera m'timazipinda. Munthu wakuda ankamupatsa thambo lonse: ayale mphasa padeki pakati pa nkhuku ndi mitolo ya nsomba zouma, dzuwa lake, mvula yake, utsi ndi mwaye zobwera nazo m'maso popanda kuwonjezera ndalama. Mwera ukawomba, m'mimba munkatsukika mwaulere, nsima ya dzulo n'kubwerera kwa eni ake nsomba. Ndi sing'anga uti mu Lusaka angakuchitireni zotere osapempha ngakhale nkhuku?

Chauncy Maples inadya nkhuni mpaka 1967, pamene anthu opanda mwambo anaiika injini ya dizilo. Inu a ku Monkey Bay kumene inakagona, ngati mwatopa nayo nkhalambayi, titumizireni ku Kanyama. Dzinja likafika madzi tili nawo okwanira, ndipo oisenza pamutu sasowa.