Nsapato za ku Canada pa msika wa Nsaru

Kuyambira pa Mpingu mpaka pa Namitete, kukhotera ku Nsaru ndi ku Kabudula, palibe munthu amene amafunsa msewu asanagule nsapato. Msewu ulibe mawu pa nkhaniyi. Ofunsidwa ndi anthu a pa benchi ya kutchalitchi, akuchimuna ndi akuchikazi, ndi anyamata amene amaswera pa khonde la pometera. N'chifukwa chake mu Januwale, katondo atafewa, mudzakumana ndi bambo wa jekete ndi tayi akuyenda chapansi, thalauza atapinda mpaka m'mawondo, nsapato zili m'jumbo kukhwapa. Nsapato ndiye bwana, imachita kunyamulidwa. Akafika pa mjigo wa pafupi ndi tchalitchi m'pamene amatsuka mapazi, kupukuta ndi nsonga ya chitenje cha mayi, n'kuvala sikuna yake kuti mamita 20 otsalawo ayende monga munthu amene wangotsika m'galimoto.

Jombo ilipo, ndipo ndi yokhayo imene imamvana ndi matope athu. Koma jombo ili ndi mlandu: imaulula kuti mwini wake amagwira ntchito. Ndi ya mlonda, ya tenanti, ya wokama ng'ombe. Munthu amene anthu anamuimikira manja kuti akhale wapampando wa komiti ya sukulu sangafike nayo pa msonkhano. Ndiye palinso vuto la kalendala. Ndalama ya fodya imabwera msika wa ku Kanengo ukatsegulidwa cha mu Epulo, matope atauma kale, ndipo pa nthawi imeneyo wokumbuka jombo ndi wamisala. Anthu amagula nsapato zija za ubweya m'kati, zosokedwera anthu a ku Sweden, n'kumazivala mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, phazi likuphikika mwakachetechete. Mvula ikamadzayamba, ndalama yathera ku feteleza, jombo idikire chaka chamawa.

Zinthu zili choncho, pa msika wa Nsaru panafika katundu wachilendo.

Venda wina anakapikula belo la nsapato mu Lilongwe. Belo ndi juga, umalipira usanaone. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa belo unayamba kuuluka, mpaka mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika anaguba kukadandaula ku Nyumba ya Malamulo. Choncho masiku ano venda sataya kanthu. Nsapato ya phazi limodzi imadikira mwini wake, ya chidendene chothyoka imatchedwa sitayilo. Venda uja atadula zingwe za belo lake, pansi pa mapatapata ndi magogoda panatuluka zinthu ziwiri zomangidwa pamodzi, chilichonse chotalika kuposa mkono wa munthu wamkulu. M'mbali chitsulo chopepuka cha aluminiyamu chopindidwa mozungulira, pakati pulasitiki wakuda wokokedwa kuti nga, pamwamba malamba atatu, kunsi mano achitsulo akuthwa. Cha kumbuyo kunali kawaya kotukuka n'kugonanso. Pambali panalembedwa nambala 30.

Vendayo anazitembenuza kawiri, n'kuziika pamwamba pa mulu, pamalo a ulemu.

Kwathu kuno chinthu chosadziwika sichisowa akatswiri. Pasanathe mphindi zochepa bwalo linali litadzaza. Wakabaza anati ndi kaliyala wa njinga za azungu. Mayi wogulitsa usipa anati ayi, n'choyanikira nsomba, ndipo anafunsa ngati angagule chimodzi. Mnyamata wokazinga tchipisi anaona mano aja n'kulumbira kuti ndi msampha, kuti msuweni wake wa ku Joni ali nawo wotere. Gogo wina amene anabwera kudzagula fodya wa mphuno anayang'anitsitsa malambawo, n'kunena motsitsa mawu kuti azungu nawonso ali ndi makanja awo, kungoti awo amakula cham'mbali. Aliyense ankalankhula ndi mtima wa munthu amene kwawo zinthu zimenezi zimangotayidwa kuseri kwa nkhokwe.

Amene anathetsa mkangano ndi a katekisiti opuma, amene anakulira pa mishoni ya Nambuma m'masiku a ansembe a White Fathers. Anati ali mnyamata anaona chithunzi kwa wansembe wina wa ku Canada: munthu ataima pamwamba pa chipale chofewa, zinthu zoterezi zili kumapazi. Za pa chithunzipo zinali za mtengo ndi zingwe za chikopa. Anati ndi nsapato zoyendera m'tchire nyengo ya chisanu, kumene chipale chimaunjikana mpaka kufika m'chiuno.

Apa a katekisiti sananame. Eni nthaka a ku North America, monga a Cree ndi a Ojibwe, ankapinda mtengo n'kuulukira zingwe za chikopa chosafufuta, kuti mlenje azitha kutsata nyama osamira. Nzeru yake ndi yoti kulemera kwa munthu kumwazike pamalo aakulu m'malo motsikira pa phazi lokha. Za aluminiyamu zinayamba kufala m'ma 1970, ndipo lero makampani monga Tubbs, Atlas ndi MSR amapanga za mitundumitundu.

Mawu oti "nsapato" atangomveka, vendayo anaimirira n'kukonza kolala. "Sindinanene ine? Orijino imeneyi. K60,000."

Pa gululo panali a Phiri, wapampando wa komiti ya sukulu, wa komiti ya mjigo, ndiponso msungichuma wa kalabu ya alimi a fodya. Anali atabwera kudzagula jombo, atatumidwa ndi akazi awo, Nabanda, amene anatopa ndi kuchapa thalauza la matope sabata iliyonse. Jombozo anali ataziona kale, zili pa lona la venda wina, koma ankazengereza podikira kuti anthu owadziwa achepe. Tsopano anaona njira ya chipulumutso. Ngati chinthu chimayendetsa mzungu pamwamba pa chipale chofika m'chiuno, nanga kadambo ka pakati pa kwawo ndi tchalitchi n'kachiyani?

Anaitana mphwawo, mnyamata wa Fomu 4 amene foni yake sisowa bandulo, kuti afufuze pa intaneti kasankhidwe kake. Mnyamatayo anawerenga n'kumamasulira, bwalo lonse likumvetsera ngati chigamulo cha kwa mfumu.

"Akuti saizi yake sayezera phazi, malume. Amayezera kulemera kwa munthu pamodzi ndi katundu amene wanyamula. Nambala iyi ndi mainchesi. Za 22 ndi za anthu opepuka, a makilo cha m'ma 70. Za 25 ndi za apakati. Za 30 ndi za anthu olemera, cha m'ma 100, kapena onyamula chikwama chachikulu."

A Phiri, amene sikelo ya ogula soya imawapatsa makilo 58 atavala jekete, anamva mawu amodzi okha. "Za anthu olemera," anabwereza, akuyang'ana anthu onse. "Mwamva nokha."

"Akutinso muone mtundu wa chipale, malume. Chikakhala chofewa, chongogwa kumene, pamafunika zazikulu. Chikakhala cholimba, chopondedwa kale ndi anthu, zazing'ono n'zabwino chifukwa sizitopetsa."

"Lathu ndi lofewa," anatero wakabaza, amene tsopano anali mlangizi wamkulu. "Dambo lija dzana linameza ngolo."

"Mano awa ndi oluma pa malo oundana ndi pokwera phiri. Kawaya aka mumakatukula pokwera chitunda, kuti chidendene chitsamirepo, akatumba asatope."

Dera lathu lino ndi chigwa chokhachokha, chitunda chachikulu pa njira ya a Phiri ndi chulu cha kuseri kwa chigayo. Koma munthu sagulira za lero zokha. A Phiri anati nthawi zina amaitanidwa ku misonkhano ku Dowa.

Ndime yomaliza mnyamatayo anaiwerenga mofulumira, mwina pofuna kupulumutsa bandulo, mwina pochitira ulemu amalume: kuti chinthuchi sichivalidwa pa phazi lopanda kanthu, munthu amayamba wavala nsapato yolimba yosalowa madzi, kenako n'kumangirira. Palibe anaimva. Pa nthawiyo malonda anali atafika pa K38,000 ndi tambala mmodzi wodzapereka Loweruka, vendayo akulumbira kuti akungowachitira chifukwa ndi kasitomala wake.

Nabanda anazilandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu wa pa banja. Anaziyang'ana kunsi ndi kumwamba.

"Abambo, jombo ija ili m'kati mwakemu?"

"Jombo ndi ya ana a sukulu. Izi ndi za ku Canada."

"Zikomo. Nanga ku Canadako akazi awo amachapira chiyani?"

Lamulungu mvula inagwa usiku wonse n'kukata m'bandakucha. A Phiri anavala sikuna yawo ya pa ukwati, n'kuimangirira pa zitsulozo. Pabwalo pa nyumba zinthu zinayenda bwino, kupatula kuti munthu wovala zimenezi amayenda atatangadza miyendo, ndipo ana amene ankawatsatira anayamba kuyenda chimodzimodzi, mzere wonse mpaka kudambo. A Phiri sanawathamangitse. Mtsogoleri amayenera kukhala ndi anthu pambuyo.

Masitepe oyamba pa udzu wonyowa anawapatsa chilimbikitso, sanamire. Anatembenuza khosi kuti aone ngati a katekisiti akuona. Kenako anafika pa makande enieni, akuda aja, ndipo apa m'pamene Canada inasiyana ndi Nsaru. Chipale chofewa chili ndi mpweya m'kati, ukachiponda chimaphwatalala n'kukusiya upite. Makande sasiya munthu. Amayamwa, ndipo ukawapatsa chinthu chachikulu amayamwa mokondwera. Phazi lopanda kanthu limalowa n'kutuluka, koma mainchesi 30 a pulasitiki akagona pa makande amakhala ngati asayina pangano. A Phiri akati atukule mwendo, dambo lonse linkabwera nawo. Mano aja, posowa madzi oundana oti alume, ankaluma mizu ya udzu.

Ali pakati pa kanjira kopapatiza, kutsogolo kunatulukira apongozi awo aakazi, ali chapansi, Baibulo lili m'chitenje, akuyenda mopepuka ngati pa simenti. Mwambo ndi wodziwika: mkamwini amapatuka, kupereka njira, maso kumbali. Koma chimene intaneti ya mphwawo sinafike nacho n'choti nsapato zimenezi zilibe rivesi. Ukabwerera chambuyo, mchira wake umazika pansi. Ukati upatuke cham'mbali, ina imaponda inzake. A Phiri anayesa zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo anakhala pansi m'matope, mwaulemu wonse, akuwomba m'manja pamene thupi linkatsika.

Apongoziwo anaima, nkhope atatembenuzira kumunda wa chimanga, n'kulankhula ndi kamdzukulu kamene kanali pafupi.

"Uwauze abambo ako kuti asavutike kugwada, taona ulemu wawo. Uwafunsenso ngati makasu avala kumapaziwo ndi a kalabu kapena ndi awo, chifukwa kudimba kwanga kukufunika kutipula."

Anyamata anayi anawazula. Sikuna ya kumanja inatsala m'menemo pamodzi ndi sokosi, ndipo inapezeka Lachiwiri.

Madzulo a tsiku lomwelo mphwawo anakumbutsa za ndime yomaliza ija. A Phiri anakhala chete kanthawi, kenako nkhope inawala. Vuto silinali nsapato za ku Canada ayi, vuto linali sikuna. Tsiku la msika lotsatira anapita molimba mtima pa lona lija, masana anthu akuona, n'kugula jombo, akufotokozera aliyense kuti si jombo wamba, ndi ya m'kati mwa zinazo, malamulo a ku Canada amatero. Palibe anawaseka. Munthu wogula jombo ngati sipeya ndi wosiyana ndi munthu wogula jombo chifukwa cha umphawi.

Kuyambira pamenepo a Phiri amadutsa dambo ndi jombo, osamira, thalauza loyera, ndipo Nabanda anasiya kudandaula za sopo. Zitsulo zija amazinyamula paphewa, zomangidwa ndi linya, nambala 30 ikuyang'ana kunja. Akafika pa mjigo amazitsuka ngakhale sizinade, n'kuzitsamiritsa pa khoma la tchalitchi pamene aliyense wolowa angazione. Pa msonkhano wa makolo wapitawu anazitchula kawiri pofotokoza kufunika kwa maphunziro.

Vendayo naye sakugona. Anthu atatu, kuphatikizapo wachiwiri kwa wapampando, anamusiyira dipoziti kuti belo lina likabwera awasungire. Belo linabwera, koma munalibe. Munali maraketi awiri a tenesi, lina lothothoka zingwe. Anawamanga pamodzi ndi lamba wa chikwama, n'kuwaika pamwamba pa mulu.

"Saizi 22 imeneyo, bwana. Ya anthu opepuka. Malamba mukaikitsa kwa telala."

Wachiwiri kwa wapampando anawatembenuza, n'kufunsa chifukwa chake alibe mano.

"Ndi za ana zimenezo, bwana. Mano sanamere."