Lachisanu ku Agra

Ku India ndinapitako ngati gadiyani wa achemwali anga, amene anachitidwa opaleshoni pachipatala china ku Delhi. Atayamba kudzuka ndi kudya okha, ndi iwo amene anandikankha. "Achimwene, mubwerera kumudzi osaona Taj Mahal? Pitani, mukandijambulireko." Ndinasankha Lachisanu chifukwa tsikulo adokotala sanatiitane.

Agadiyani anzanga anandichenjeza kuti ku Agra, kumene kuli Taj Mahal, kuli akathyali amene amanamiza mlendo kuti malo atsekedwa, cholinga akamusiye m'masitolo a abale awo. Chenjezo limeneli ndi limene linandipweteketsa. Nditatsika basi, nditayenda makilomita opitirira 200, mnyamata wa kanjinga kamoto ka matayala atatu anandiuza kuti lero ku Taj n'kotseka. Ndinamukalipira pamaso pa anzake, ndikuti ine si mwana woti n'kupusitsidwa. Iye sanayankhe. Anakandisiya pamene magalimoto amalekezera, poti oyendera petulo ndi dizilo saloledwa kuyandikira, kuopa kuti utsi ungadetse mwala woyera wa Taj. Ndinayenda wapansi mpaka pachipata cha kum'mawa, ndipo wapolisi anandiuza zomwezo. Lachisanu lililonse alendo salowa, chifukwa mkati mwa mpandawo muli mzikiti wa miyala yofiira, ndipo tsikuli ndi la Asilamu a m'deralo okapemphera masana.

Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, mtima ukuwawa. Ndalama ya ulendowu tinachita kudula pa ya chakudya. Pobwerera ndinamupeza mnyamata uja ali pomwe anandisiya, ndipo ndinamupepesa. Anangondilozera mpando, n'kundipititsa ku Agra Fort, linga lalikulu limene mfumu Akbar inayamba kumanga mu 1565.

M'linga limeneli ndi mmene Shah Jahan, womangitsa Taj Mahal, anatsekeredwa ndi mwana wake Aurangzeb mu 1658, mpaka anamwalira mu 1666. Ndinaima pafupi ndi kansanja kotchedwa Musamman Burj n'kuyang'ana cha kumene mtsinje wa Yamuna umakhotera, ndipo Taj inaonekera chapatali m'nkhungu ya utsi. Pamenepo ndinamvera munthu wina akufotokozera gulu la alendo mbiri yake, ndipo mawu amodzi anandigwira pakhosi. Mumtaz Mahal, mkazi wa mfumu Shah Jahan, anamwalira mu 1631 ku Burhanpur akubereka mwana wa 14. Anali ndi zaka 38 zokha.

Nyumba imene dziko lonse limaijambula ija ndi chiliza cha mayi amene anafera pa uchembere. Imfa imeneyi ife kwathu timaidziwa bwino, taikapo azakhali ndi alamu athu chifukwa cha iyo, ndipo sindinayembekeze kukakumana nayo m'nyumba ya mfumu imene chuma chake chinalibe malire. Ofotokozera alendo amathamangira kunena za chikondi, za mayiyo n'kungodutsapo, ndipo zimenezi zimandipweteka. Ntchito yomanga Taj inayamba mu 1632, ndipo malo onse anatha cha mu 1653. Anthu pafupifupi 20,000 anakhetsapo thukuta. Mwala woyerawo unkachokera ku Makrana, ku Rajasthan, ulendo wa makilomita mazanamazana pa ngolo. Nsanja zinayi za m'makona anazipendeketsa pang'ono chakunja kuti chivomezi chikadzazigwetsa zisadzagwere pamanda. Dzina la mmisiri wamkulu, Ustad Ahmad Lahori, likudziwika, koma osema ndi onyamula miyala ambiri aja mayina awo anapita nawo.

Chakumadzulo mnyamata uja anandiwolotsa mlatho kupita ku Mehtab Bagh, munda umene uli moyang'anizana ndi Taj kutsidya la mtsinje. Kumeneko ndinaiona bwino, chakumbuyo kwake. Madzi a Yamuna anali ochepa, akuda, onunkha. Mnyamatayo anandiuza kuti mwala woyera uja ukayamba chikasu, antchito amaumata dongo, likauma n'kulitsuka, kuti uyerenso. Ndinajambula zithunzi mpaka batire ya foni inatha, osaganizako kuti tikiti yanga ya basi yobwerera inali mufoni momwemo.

Titafika pokwerera basi, kondakitala anakanitsitsa kundikweza popanda tikiti, ndipo basi inanyamuka ndikuiona. Ndalama yotsala sinkakwana tikiti ina. Mnyamata uja, yemwe ndinamunyoza m'mawa, anandithamangitsira kusiteshoni ya sitima ya Agra Cantt, n'kukandiimira pamzere kugula tikiti yotchipa ya bogi ya aliyense. Nditafuna kumuwonjezera kangachepe anakana, akuti ndisunge ya tiyi. M'bogimo munalibe pokhala, ndipo ndinaimirira pafupi ndi khomo, chikwama chili pachifuwa, mpaka ku Delhi, kumene ndinafika pakati pa usiku.