Nkhumba zanga ndinazipha ndekha

Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 2018, geni yanga ya matemba padoko la Mposa inaphwera limodzi. Tindalama totsala ndinagulira tiana ta nkhumba tinayi. Alangizi a ziweto anandichenjeza kuti zizikhala m'khola usana ndi usiku, pakuti nkhumba yoyendayenda imatola chigodola, nthenda yopanda mankhwala. Komanso anansi anga ambiri ndi Asilamu, ndiye sindinafune nkhumba yanga ikapezeke pakhonde la munthu n'kukathera kubwalo la amfumu.

Khola ndinamanga lanjerwa zootcha, pansi simenti, pamwamba malata, pomwe nyumba yogona ife inali ikudontha. Madeya a chimanga ndi a mpunga ndinkapalasira njinga mtunda wautali. Mlendo sindinkamulola ngakhale kusuzumira, apongozi omwe ndinawabweza pakhomo la khola. Yaikazi ina itatenga bere ndinayamba kuwerenga miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, ndalama ya ana osabadwawo nditaigawa kale mumtima.

Loweruka lina ndinapeza nyama ya nkhumba yotchipa modabwitsa pamsika. Ndinagula makilo awiri osafunsa.

"Bambo a Chikondi, nkhumba imeneyi inafa ndi mpeni koma?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Inu phikani, mafunso ngachiyani?"

Poti ine sinditaya kanthu, madzi otsukira nyamayo ndinasakanizira madeya n'kukathira ndekha m'chodyera.

Sabata isanathe nkhumba zinaleka kudya, zinaunjikana pakona zikupuma mobanika, makutu ndi kumimba kutafiira. Yabere ija ndiyo inayamba kufa, zinzake n'kutsatira.

Alangizi atabwera ndinalumbira kuti andilodza ansanje, chifukwa m'kholamo simunalowepo munthu wina.

"Nanga zadya chiyani chachilendo, achimwene?"

Ndinayang'ana kumwamba. Mayi a kunyumba ndiwo anayankha, osasiyako ngakhale mtengo wa nyama ija. Alangizi anangopukusa mutu nati kachilombo ka chigodola kamakhala m'nyama ndi m'magazi, kamayendanso pansapato ndi zovala. Anandiletsa kugulitsa ngakhale mwendo umodzi. Ndinakumba dzenje lakuya dzuwa likuswa mtengo, ana a m'mudzi akuonerera.

Inu oweta nkhumba, pokhoma khola muzidzifufuzanso nokha zomwe mwanyamula m'manja. Langa lija lero mayi a kunyumba amasungiramo mpunga, ndipo kiyi amayenda nayo pachitenje.