Tebulo la Pabwalo Landilemba Ntchito

Pali katundu amene umagula kuti akutumikire, ndipo pali wina amene ukangomulowetsa pakhomo, wantchito umasanduka iweyo. M'gulu lachiwirili muli galu wachizungu, galimoto yakale, ndi tebulo lamatabwa lodyera panja, lija la mabenchi omangirira mbali zonse ziwiri.

Matebulo amenewa timawaona kumalo ogona alendo ku Senga Bay, ku Cape Maclear kapena pamwamba pa phiri la Zomba, anthu atakhalapo n'kumanyema chambo kamphepo kakuwomba. Ukawaona, mtima umafunsa kuti, "Nanga ine ndinalakwanji?" Umaiwala kuti kudyera panja tinayamba kalekale, pamphasa, pansi pa mtengo wa mango, popanda kalipentala. Vuto ndi lakuti mphasa aneba sailemekeza. Ndiye ine, munthu wa nyumba ya lendi, wa bwalo loti nkhuku ikathamanga pang'ono yagunda kale mpanda, ndinalengeza kuti banja langa liyamba kudyera patebulo lapanja. Mayi a kunyumba anangofunsa kuti, "Abambo, ndiwo zoti tizidya anthu akuona zili kuti?" Sindinayankhe. Mwamuna wa masomphenya sayankha mafunso a bajeti.

Nkhondo yoyamba inali ya matabwa. Kumsika wa matabwa aliyense ndi pulofesa. Wina akuti tengani paini, ndi wotchipa, wopepuka, savuta kupala. Zoona, ndipo paini wambiri amachokera ku Chikangawa, nkhalango yochita kubzala ya mahekitala pafupifupi 53,000 kumapiri a Viphya. Chimene wogulitsa satchula n'chakuti paini wosathira mankhwala ndi nsima ya chiswe. Wina akuti bulugamu, ndi wolimba. Zoonanso, koma akamauma amang'aluka ndi kupotoka. Wachitatu anandionetsa mlombwa, umene chiswe chimaupatsa ulemu, koma atatchula ndalama zake ndinayamba kukumbukira ubwino wa mphasa. Kenako kunabwera wonong'oneza, akuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje, wonunkhira, wosadyedwa ndi chiswe. Mkungudza ndi mtengo wa dziko lino kuyambira 1984, watsala pang'ono kutheratu paphiri paja, ndipo kuudula n'koletsedwa. Wokunong'onezani kuti ali nawo akukugulitsani mlandu. Ine kupolisi ndimaopa ngakhale kukanena kuti ndataya chiphaso, choncho ndinabwerera kwa paini.

Akalipentala anafika ndi pensulo kukhutu, natukula thabwa limodzi, n'kupukusa mutu. "Bwana, awa ndi aawisi. Thabwa louma sililemera chonchi. Tikakhoma lero, likamauma lifota, lipindika, ndiye mudzati ine ndi kalipentala wabodza." Anawasanja pamthunzi, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, nati tidikire. Masabata amenewo aneba ankafunsa ngati ndayamba geni ya mabokosi a maliro.

Tsiku lokhoma ndinaima pafupi monga woyang'anira, ngakhale kuti hamala ndimaigwira pokhapokha ndikamaswa mtedza. Miyeso yake ndinailoweza kuti ndizikaopsezera anzanga: tebulo litalike masentimita 75 kuchoka pansi, benchi 45, m'litali mamita 1.8 kuti pakhale anthu atatu mbali iliyonse. Anakana misomali polumikiza miyendo, akuti pamafunika mabauti osachita dzimbiri, chifukwa msomali umazuka thabwa likamatupa ndi kufota. Nditaona akusiya mipata pakati pa matabwa apamwamba, ndinatsokomola mwaulamuliro.

"Akalipentala, matabwa ndagula okwanira. Mipatayi mukusungira ndani?"

"Ndikusungira mvula, bwana. Madzi akapanda podutsa agona patebulo, thabwa liwola. Mukafuna, nditseka, koma chaka chamawa mudzandiitana."

Ndinagwedeza mutu ngati ndimangowayesa nzeru.

Potsegulira tebulo ndinaitana apongozi kuchokera kumudzi. Apa m'pamene ndinadziwa kuti amene anayambitsa tebulo limeneli analibe apongozi ovala chitenje. Kuti ukhalepo, umayenera kukweza mwendo n'kulumpha benchi. Mayi wamkulu anayang'ana benchi, nayang'ana mwana wawo, nafunsa motsitsa mawu, "Kodi pakhomo pano mphasa zinatha?" Komanso tebulo lotere limakhazika anthu maso ndi maso, pomwe kwathu mkamwini satafuna apongozi akumuwerengera mbamu. Anakadyera kuseri kwa khitchini, mosangalala kwambiri, ine ndikumva kuseka kwawo.

Tinatsala ine ndi alamu anga, munthu amene Mulungu sanamumane thupi. Chifukwa chothawa dzuwa tinakhala mbali imodzi. Tebulo linaganiza kaye, kenako linatukula mbali inayo mwaulemu, ndipo mbale ya nyemba inatipeza pachifuwa. Akalipentala nditawadandaulira anati miyendo anaitambasula mpaka kunsi kwa mabenchi monga mwa lamulo, koma palibe lamulo la ukalipentala limene linaganizira za alamu anga.

Chisamaliro ndiye chinandimaliza. Tebulolo ndinalipaka vanishi wonyezimira kuti odutsa pamsewu aphethire. Dzuwa la Okutobala litafika, vanishi anayamba kusupuka, chifukwa amangokuta pamwamba, ndipo thabwa la panja limatupa ndi kufota mpaka chikutocho chisweke. Ndinatha Loweruka lonse ndikukwecha ndi sandipepa, anzanga akuonera mpira. Zitatero ndinaphunzira kuti thabwa la panja limafuna mafuta olowa m'kati, ndipo limawafuna chaka ndi chaka mvula isanayambe. Mnansi wina anandilangiza oilo wakale wa galimoto, uja timapaka mitengo ya khola. Mayi a kunyumba anati ndikayerekeza kupaka pamwamba podyera, ndizidyapo ndekha. Ananena zoona, oilo ameneyo ndi poizoni.

Miyendo nayo ili ndi malamulo ake. Kumapeto kwa thabwa, kumene macheka anadula, n'kumene kumayamwa madzi kwambiri, ndiye mwendo ukaponda dothi ukuitana kuwola ndi chiswe nthawi imodzi. Ndinaikhazika panjerwa. Tsopano m'mawa uliwonse, ndisanasukusule, ndimagwada kuyang'ana ngati chiswe chamanga tinjira take tadothi. Aneba akuti ndalowa mpingo watsopano. Mvula ikayamba tebulolo ndimalifunditsa pepala lapulasitiki, koma osamanga zolimba, chifukwa chinyezi chikatsekeredwa m'kati chimabala nkhungu. Usiku kukagunda bingu, mwana akalira ndimatembenuka n'kupitiriza tulo, koma pepala likangoti phaa ndi mphepo, ndili kale panja ndi tochi. Pakati pa zonsezi pali kumanga mabauti amene amamasuka thabwa likauma. Sipanala yake ndinabwereka, ndipo mwini wake amandipatsa moni wa mano okha.

Musaganize kuti tebulolo likungokhala. Mayi a kunyumba amayanikapo mbale, ufa ndi mfutso, ndipo amati ndi thandala labwino kwambiri limene anakhalapo nalo. Lachitatu lililonse amayi a banki m'khonde amawerengerapo ndalama ataima, poti nkhani ya benchi ija sinathe. Ana amalemberapo ntchito ya kusukulu, mapensulo n'kumagwera m'mipata ya mvula. Tambala wa aneba analisankha kukhala nsanja yolengezera kucha. Ine mwini wake ndikafuna kudyapo, amandiuza kuti ndidikire ufa uume.

Sabata yatha kunabwera alandilodi kudzatenga lendi. Anazungulira tebulo kawiri, naligogoda, nakhalapo bwinobwino, n'kutambasula miyendo. Mtima wanga unati myaa, poti pomaliza kwapezeka munthu wodziwa zinthu zabwino.

"Achimwene, mwachita bwino kwambiri," anatero. "Nyumba ino tsopano ili ndi malo opumulirako. Kuyambira mwezi wamawa lendi ikwera."