Kazitape wouza aliyense dzina lake

Ena amakangana za mpira, ena za ndale, koma ife timatha kuphonya nkhomaliro chifukwa cha munthu amene sanabadweko n'komwe. Munthuyo ndi James Bond, kazitape wa boma la Britain, amene Ian Fleming anamutulutsa m'mutu mwake m'buku la Casino Royale mu 1953. Chiyambire Dr. No mu 1962, kampani ya Eon yapanga mafilimu 25 a mkuluyu, ndipo onsewo timawazenga mlandu Loweruka pabenchi ya kwa ometa, ngakhale ena a ife pamutu palibe choti n'kumeta.

Pagulupo ine ndine wogwira mabodza. Udindowu sanandipatse munthu, ndinadzisankha ndekha popanda wopikisana naye. Mlandu wanga woyamba sukalamba. Kazitape wanji wolowa muhotela atathina suti, galimoto ya Aston Martin ataiimika pakhomo penipeni, n'kutchula dzina lake lenileni, kenako kulibwereza kuti amene ali kumbuyo amve bwino? Ndikanena izi ometa amazimitsa kaye makina. "Achimwene, inu mungaphunzitse munthu kusunga chinsinsi? Paja tsiku lija alamu analandira ya banki m'khonde, dzuwa lisanalowe angongole onse anali pakhomo panu. Anawauza ndani?" Ndimangoti zimenezo n'zam'banja, tibwerere ku London.

Ku London ndiye kuli Skyfall ya 2012, filimu imene anthu amaiyamikira mpaka malovu kuuma. Mdani wake ndi Silva, amene anaseweredwa ndi Javier Bardem. Akuti anachita kugwidwa dala. Am'tengera ku London, am'tsekera m'chipinda cha magalasi pansi panthaka. Kenako Q, mnyamata amene akuti ndi katakwe wa makompyuta m'boma lonse, akutenga laputopu ya chigawengacho n'kuilumikiza ku makompyuta a MI6, kuntchito kwa Bond. Zitseko zonse gwa, kutseguka. Ngakhale mnyamata woika nyimbo m'mafoni pamsika amayamba wakufunsa kumene fulashi yako yakhala ikuyenda. Silva uja wathawa, wavala yunifolomu ya polisi, Bond ali pambuyo. Atatsala pang'ono kugwidwa akuphulitsa bomba limene anatchera kale padenga la ngalande, ndipo sitima yapansi ikugwera pomwe paima Bond. Anadziwa bwanji miyezi yapitayo kuti adzam'pezera pamenepo, pa mphindi imeneyo, sitima ikudutsa? Ndipo mavuto onsewa n'cholinga chongowombera mayi M, abwana a Bond, amene nyumba yawo Bond analowamo usiku popanda ngakhale galu kuuwa.

Ndiye tamvani nzeru za ekita wathu. Kuti ateteze abwana ake, akuwachotsa mumzinda modzaza asilikali n'kupita nawo ku Scotland, kunyumba yakalekale ya makolo ake, kumene kuli nkhalamba imodzi ndi mfuti zosakira nyama. Mayi aja n'kufera komweko. Bond n'kubwerera kuntchito, palibe ngakhale kalata yochenjeza. Ine ndinataya makiyi a sitolo ya abwana kwa theka la tsiku, mpaka lero amanditchula pamisonkhano.

Pabenchipo pali aphunzitsi opuma amene amati Bond weniweni anali Sean Connery, enawa ndi aganyu. Ndimawakumbutsa Goldfinger ya 1964, mmene Goldfinger mwiniwakeyo anasonkhanitsa zigawenga zinzake, n'kuzifotokozera mwatsatanetsatane, ndi chifanizo chomwe, mmene adzalowere ku Fort Knox kosungira golide wa America, kenako n'kuzipha ndi mpweya wapoizoni. Nanga ankazifotokozeranji? Ndimawakumbutsanso za mdani wina, Blofeld, amene mu You Only Live Twice ya 1967 anaonana ndi Bond maso ndi maso m'kati mwa phiri ku Japan. Patangotha zaka ziwiri, mu On Her Majesty's Secret Service, Bond akufika kwa iye atavala magalasi ndi siketi ya Chisikoti, Blofeld n'kumulandira ngati mlendo. Chifukwa chenicheni n'chakuti m'mabuku nkhani ziwirizi zinatsatana mosiyana ndi m'mafilimu, ndipo opanga filimu yachiwiriyi anatsata buku. Koma aphunzitsi ali ndi yankho lawo. "Mwana wanga, Bond anali atasanduka George Lazenby, Blofeld atasanduka Telly Savalas. Onse awiri nkhope zachilendo. Akanadziwana bwanji?" Mfundo imeneyi ndakhala ndikuifunira yankho, sindinalipeze.

Mlamu wanga ndiye amati dzinalo ndi la udindo chabe, wina akatopa amalisiyira mnzake, n'chifukwa chake pakhala nkhope zisanu ndi imodzi. Tikamuuza kuti mu Skyfall muli manda a bambo ndi mayi a Bond, dzina la Bond lili pamwala, amati manda amagulidwa. Tikamufunsa za No Time to Die ya 2021, mmene Daniel Craig anaphwanya lamulo limene mwana aliyense wa m'nyumba za vidiyo amalidziwa, loti ekita safa, amangotikumbutsa kuti kumapeto kwenikweni kwa mayina analemba kuti munthuyo adzabweranso.

Milandu yonseyi ndimaiyendetsa bwino mpaka wina atayatsa nyimbo ya James Bond ija pafoni. Gitala uja akangoyamba kunong'ona pansipansi, malipenga n'kulowerera, woweruza wanu ndimapezeka ndikugwedeza phazi, tsitsi lometedwa mbali imodzi. Sitima ija igwe pamene ikufuna. Woimba gitalayo, Vic Flick, anam'patsa mapaundi 6 okha mu 1962. Ine amandigula kwaulere.

Nyimboyi nayo ili ndi mlandu wake, ndipo wake unafika kukhoti lenileni. Dzina lolembedwa ngati mwini wake ndi la Monty Norman, koma amene anaikonza n'kuipatsa malipenga ndi John Barry. Nyuzipepala ya Sunday Times italemba mosonyeza kuti ntchito yaikulu inali ya Barry, Norman anaisumira, ndipo mu 2001 anapambana n'kulandira mapaundi 30,000. Chimene chimandipweteka n'chakuti Norman anatenga kayimbidweko ku nyimbo imene anaipekera sewero lochokera m'buku la V. S. Naipaul, A House for Mr Biswas, ndipo inkanena za munthu watsoka loyetsemula. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda monyang'wa kupita kuchigayo, thumba lili panjinga, mumtima mukulira nyimbo ya chimfine.

Tikafika pa nyimbo zotsegulira mafilimu, benchi imagawikana. Aphunzitsi amati pambuyo pa Shirley Bassey palibenso woimba, pajatu ndi yekhayo amene anaitanidwa katatu, ku Goldfinger, ku Diamonds Are Forever mu 1971 ndi ku Moonraker mu 1979. Anyamata odikira kumetedwa amati Adele, Sam Smith ndi Billie Eilish onse anatenga mphoto ya Oscar, agogo aja anatenga chiyani? Ometa amati ya Sam Smith ikayamba amaona ngati munthu wapanidwa chala ndi chitseko, ndipo ya Billie Eilish amakweza voliyumu mpaka kumapeto koma samva kanthu. Chimene timagwirizana tonse ndi cha Madonna mu Die Another Day ya 2002, filimu ya galimoto yosaoneka ija. Apo ngakhale mlamu wanga, amene amatsutsa ndi moni yemwe, amangoti zinachitika, tiwakhululukire.

Koma umboni woti nyimbo ndiyo imalamula ubongo wathu uli mu The Man with the Golden Gun ya 1974, ya Roger Moore. Muli galimoto imene ikudumpha mtsinje ku Thailand pamlatho wothyoka, ikuzungulira m'malere, n'kutera ndi matayala onse anayi. Zimenezi zinachitikadi, munthu wamoyo anali pachiwongolero, ndipo zinatheka ulendo woyamba womwewo. Kenako John Barry anaikapo kawenzulo kotsetsereka konga ka m'makatuni, kuti fyuuu. Benchi yonse imati bodza. Chinthu chenicheni chimene munthu anaikirapo khosi lake timachikana chifukwa cha kawenzulo, pomwe Bond wa mu Skyfall akuwomberedwa pamwamba pa sitima ku Turkey, kugwa kuchokera pamlatho wautali mpaka mumtsinje, timangovomera kuti ali moyo chifukwa pamene akumira m'pamene Adele akuyamba kuimba. Palibe amene anafunsapo kuti anam'vuula ndani. Inenso, ndi udindo wanga wonse, ndinali kalikiliki kutsatira mawu amene sindiwadziwa.

Tsopano chilolezo cha mafilimuwa chili m'manja mwa Amazon, ndipo mu 2025 analengeza kuti yotsatira adzaitsogolera ndi Denis Villeneuve. Ife tayamba kale kuipeza zolakwika isanajambulidwe. Mkangano wake unatenthetsa mitu moti tinasamukira pena pake pamene sagulitsa tiyi, ndipo ndinafika kunyumba nthawi imene munthu wabanja amafunika luso la ukazitape. Nsapato ndinavulira kumpanda. Chitseko ndinachinyamula pang'ono kuti chisalire. Ndinadutsa pabalaza chonyang'ama, msana uli kukhoma, osagunda ndowa, osaponda mphaka. Ndinali wonyadira kwambiri mpaka tochi inandiwalira kumaso.

"Bambo a ana, takumvani muli kumsewu," anatero mayi a kunyumba. "Mumaimba gitala ndi pakamwa, pofika pampanda mwaonjezera malipenga. Nsima ili m'kontena. Ndipo nsapato zanu galu wa aneba wapita nayo imodzi, kaifufuzeni, paja ndi ntchito yanu."