Lichero la ku Kabulonga silipeta

Mu mzinda wa Lusaka muli nthenda yopatsirana imene a zaumoyo sanaiikebe pa mndandanda wa miliri. Nthendayo ndi kutchena. Imayambira kunsapato, n'kukwera mpaka kukolala, ndipo ikafika povuta imalowa m'nyumba n'kuyamba kusuntha mipando. Ine Mbewe, mwana wa ku Dedza, kalaliki pa kampani ina yonyamula katundu m'tauni muno, inandigwira ndisanabweze n'komwe ngongole ya basi imene ndinabwerera.

Musafulumire kundiseka. Anthu a kuno anayamba kalekale, ndipo oyambitsa ake ndi akuluakulu. Kenneth Kaunda anavala suti yake yopanda tayi, kampango koyera kali m'manja, mpaka Africa yonse inaitcha suti ya Kaunda. Ku Kenya mu 2023 nyumba ya malamulo inachita kuletsa aphungu kuivala m'nyumbamo. Frederick Chiluba, amene analowa m'boma mu 1991, anatchuka ndi nsapato zazitali chidendene, ndipo masuti ake ogula ku Geneva anakambidwa mpaka m'khoti la ku London mu 2007. Anzathu akuyamba zonsezi, ife kwathu tinali ndi lamulo la 1973 loyeza kutalika kwa siketi ndi kuletsa amayi kuvala buluku, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankakumana ndi lumo pa bwalo la ndege. Lamulolo linatha mu 1993, koma mantha ake anatsalira m'magazi. Mpaka lero ndikavala malaya a maluwa ndimayamba ndacheuka.

China chosokoneza mutu ndi ndalama. Kuno kwacha, kwathu kwacha, koma chibale chake n'cha dzina lokha. Mu 2013 anzathuwa anadula maziro atatu pa ndalama yawo, moti mitengo imamveka yaulemu. Wogulitsa akati, "Ni 500 chabe, ba boss," mtima umakhala m'malo, poti kwathu K500 ndi ya mandasi. Umadzazindikira uli kale m'minibasi kuti lamba wa buluku wamugula ndalama zoposa K30,000 za kwathu. Abale kumudzi nawo masamu amenewa amawadziwa bwino, koma amawerengera mbali imodzi. Malipiro anga amachulukitsa, lendi sachulukitsa.

Sukulu yanga yoyamba ya kutchena inali pa kaunjika wa ku Soweto Market. Mnyamata wina anandigwira mkono, n'kundiveka jekete lolemera la ubweya ndisanavomere. "Ba mudala, iyi ni ya ku Italy. Mwine wake anavala kamozi chabe." Ndinadziona pa kagalasi kosweka kamene ananditambasulira, ndipo ndinaona nduna. Jeketelo ndinalivala mu Okutobala, mwezi umene mitengo ya jakaranda imachita maluwa, dzuwa likuswa mtengo. Ndinanyamuka pa Findeco House, chinyumba cha nsanjika 23 chija, kutsata Cairo Road mwakachetechete, dzanja limodzi m'thumba, thukuta lili chuchuchu. Munthu yekhayo amene anandiyang'ana kawiri anali mayi wogulitsa madzi ozizira, ndipo anandifunsa ngati ndayezetsa malungo.

Nditaona kuti za Azungu zikundiwotcha, ndinatembenukira ku chikhalidwe. Ndinatsikira ku Kamwala, kumene masitolo a Amwenye adzaza zitenje kuchokera pansi mpaka kudenga. Ndinasankha cha mbalame zachikasu, telala n'kundisokera malaya a kolala yoimirira. Tsiku loonetsa malayawo linali la chilanga mulilo cha mnzanga wa kuntchito. Pa mwambo umenewu akuchikazi amasenza zakudya zamitundumitundu, ng'oma zikulira, kukaonetsa mkamwini zimene azidya m'banjamo. Ine ndinali wa kuchimuna, nditakhala kutsogolo, mwendo uli pamwamba pa unzake. Geti litatseguka analowa amayi a kuchikazi ali ndondondo, onse atavala yunifolomu imodzi: chitenje cha mbalame zachikasu. Ngakhale miphika anaikulunga m'nsalu yomweyo. Gogo wina anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kundipatsira beseni la chikanda. "Imwe, mwankalila chani? Nyamulani!" Ndinanyamula. Pa zithunzi za tsikulo ndilipo, pakati pa azakhali a mkwatibwi.

Apa m'pamene nthenda inasiya thupi n'kulowa m'nyumba.

Mabuku a mbiri amati mapulani a mzinda uno anajambula mu 1931 ndi katswiri wa ku London, Stanley Adshead, pofuna kuti ukhale mzinda wa mitengo ndi maluwa, ndipo mu 1935 likulu linasamuka ku Livingstone kubwera kuno. Maluwawo ndamva kuti alipodi. Ali kuseri kwa mipanda ya njerwa ya ku Kabulonga ndi ku Woodlands, waya wamagetsi ali pamwamba. Ife a m'minibasi timangoona nsonga za mitengo.

Ine ndimakhala ku Chelstone, m'boyizikota kuseri kwa nyumba ya mayi wina wopuma pa ntchito. Wondifuna ndimamuuza kuti atsike pa thanki yamadzi ija ya m'mbali mwa Great East Road, ndipo ndimakamutenga ndekha kuti ndipeze mpata womukonzekeretsa mtima. Chelstone ndinaisankha chifukwa msewu umenewu ndi womwewo wa ku Chipata ndi ku Mchinji. Zikadzavuta sindidzafunsa njira.

Kanyumbako ndinatsimikiza kuti kaoneke za pamwamba. Ndinapita ku Kalingalinga, mu msewu wa Alick Nkhata, kumene akalipentala ndi owotcherera zitsulo amayala katundu panja: mabedi, mageti, makabati, masofa. Ndinaloza sofa yaikulu kuposa onse, ya mikono yopiringizika yopaka golide. Mmisiri analumbira pali Mulungu kuti thabwa lake ndi mukwa weniweni, mlombwa wathu uja. Inafika pa kalole madzulo, ana a m'dera akuithamangira. Pakhomo inakana kulowa. Tinaipendeketsa, tinaigoneka chagada, tinazula chitseko, koma ayi ndithu. Naphiri, mayi wa kunyumba kwanga, anaima poteropo manja ali m'chiuno.

"Abambo, chitsekochi munayeza?"

"Naphiri, munthu wa luso sayenda ndi tepi. Amayeza ndi diso."

"Disolo ndiye ligone panja limodzi ndi sofa yakeyo."

Inagonadi pakhonde mpaka mmisiri anabwera ndi sowo kudzaidula mkono umodzi. Podulapo ndi pamene tinaona kuti mlombwa uja kale unali bokosi la tomato. Sindinafooke. Ndinaonjeza kabati ya magalasi yodzaza matambula amene palibe amaloledwa kumwera, maluwa a pulasitiki, makatani onyezimira, kapeti ya ubweya, ndi nyale yolendewera imene aliyense wotalika amaipatsa moni ndi chipumi. Pabalaza panadzaza moti mlendo amalowa chammbali, akakhala pansi maondo ali pa tebulo.

Kenaka bwana wanga anatiitana ku nkhomaliro kwawo ku Kabulonga. Ndinapita nditakonzeka kukaona golide weniweni kuti ndikopere. Mlonda anatsegula geti, agalu anatinunkhiza, tinalowa. Pansi panali simenti yokhayokha, yopanda matailosi ngakhale kapeti. Makoma anali oyera mbee. Pakhoma lalikulu, pamene munthu wanzeru amapachika wotchi kapena satifiketi, panali malichero. Pakona panaima mtondo, m'kati mwake muli udzu wouma. Pakati anayala mphasa. Tiyi anabwera m'makapu achitsulo oyera a mkombero wabuluu, aja agogo ankamwera thobwa. Chisoni chinandigwira. Ndinanong'oneza Naphiri kuti kampani yathu ikugwa, mwezi uno tisayembekezere malipiro.

"A Mbewe, inu ndinu a ku Malawi," anatero madamu. "Mpando mwakhalirawo muyenera kuudziwa."

Ndinaudziwadi. Unali mpando woluka wa nsungwi wa msana wozungulira, uja amaunjika m'mbali mwa msewu ku Blantyre, uja bambo anga ankakhalira pakhonde pomvera wailesi, nkhuku itagona pansi pake. Madamu anafotokoza kuti m'masitolo a ku Cape Town ndi ku London umadziwika ndi dzina la dziko lathu, Malawi chair, ndipo wawowo anauitanitsa ku Johannesburg. Ndiye kuti mpando unachoka ku Blantyre, unakafika ku Joni, n'kubwerera kudzakhala ku Kabulonga. Wayenda maiko kuposa ine, ndipo wapeza malo abwino kuposa anga. Atatchula mtengo wake ndinachulukitsa ndi 60 chamumtima, kenaka ndinadzuka pang'onopang'ono n'kuimirira, kuopa kuthyola malipiro a mwezi wathunthu.

"Kwanu muli nayo ingati?"

"Yambirimbiri, mayi. Ife ndiye eni ake."

"Womaliza tinasonkhezera moto pa maliro a amalume," anatero Naphiri, amene Mulungu anamupatsa zonse kupatula mabuleki.

Madamu anagwira pachifuwa. Kenaka anatiphunzitsa kuti masiku ano fasho ndi kuchepetsa katundu m'nyumba: mpando umodzi apa, mphasa apo, kwinako mpweya. Anati anthu amapita kusukulu kukaphunzira zimenezi. Ndinakumbukira nyumba imene ndinakuliramo ku Dedza, momwe munali mpando umodzi, mphasa ziwiri ndi mpweya wochuluka zedi. Tinakhala m'fasho zaka zonsezo popanda wotiuza, ndipo ine ndinakwera basi kuwoloka Luangwa kuithawa.

Loweruka lotsatira ndinali pa Kabwata Cultural Village, mu Burma Road. Malowa ali ndi mbiri yake. Tinyumba tozungulira ta udzu timene tili pamenepo tinamangidwa ndi boma la atsamunda m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, kuti muzigona amuna akuda obwera kudzagwira ntchito m'tauni, akazi ndi ana atawasiya kumudzi. Tambiri anatigwetsa pomanga mafulati a Kabwata, koma 43 anatisiya, ndipo kuyambira 1974 ndi malo a osema ndi oluka. Nyumba zimene anthu ankagonamo posowa kolowera, lero alendo amaima patsogolo pake n'kumajambulitsa.

Ndinapita nditavala jekete la ku Italy lija kuti andipatse ulemu. Anandipatsadi. Wogulitsa anayang'ana jekete, anayang'ana nsapato, n'kutchula mtengo wa ku Kabulonga. Ndinatulutsa Chichewa chakuya cha kwa Kachindamoto, miyambi ndi zining'a zomwe, kuti adziwe kuti akuyankhula ndi munthu amene analeredwa ndi lichero.

"Oho, ndimwe ba ku Malawi?" anatero akumwetulira. "Ninshi ndimwe ba tourist."

Mtengo unakwera.

Ndinagula malichero atatu, ndinakhoma misomali, ndinawapachika mopendeketsa monga ndinaonera kwa bwana. Mayi eni nyumba anamva hamala, anabwera kudzawerenga mabowo, n'kunena kuti tidzakambirana pa tsiku losamuka. M'mawa mwake ndinapeza pakhoma patsala awiri. Lachitatulo linali panja m'manja mwa Naphiri, likupeta mpunga wa Kilombero umene mlamu wanga anatitumizira.

"Naphiri, limenelo ndi lokongoletsera!"

"Ndiye mpungawu ndipetere chithunzi cha ukwati?"

Chaka cha 2024 chinabwera kudzaweruza mlanduwu. Chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 20 ndi kuposerapo pa tsiku. Nyale yanga yolendewera inasanduka chokongoletsera chenicheni, chongogunda anthu pachipumi. Nsima inkaphikidwa pa mbaula pakhonde, ndipo tinkadya kandulo ili pakati, zimene ndamva kuti ku Woodlands amachita dala akakhala ndi alendo olemekezeka, jenereta ili chete kuseri. Miyezi imeneyo banja langa linafika pa mlingo wa apamwamba popanda kulipira kalikonse.

Tsopano nkhaniyi ndaimvetsa, ndipo ndikuuzani mwaulere zimene ena amalipirira fizi. Chinthu chimayamba kukongola chikafika kwa munthu amene alibe nacho ntchito. Mtondo wosinjira ndi wa mmphawi, woikamo udzu wouma ndi wa bwana. Simenti ya munthu amene matailosi amukanika ndi manyazi, ya munthu amene matailosi wawakana ndi luso. Lichero lopeta ndi lichero lopachika analuka ndi munthu mmodzi, nsungwi yake imodzimodzi, ndipo kusiyana kwake ndi msomali basi. Chondiwawa n'chakuti wolukayo, kaya ali ku Blantyre kaya pa Kabwata, ndiye amalandira zochepa kuposa onse amene katunduyo amadutsa m'manja mwawo, ndipo akapeza kangachepe amathamangira kukagula mpando wa pulasitiki kuti naye aoneke wotsogola. Sindingamuseke. Ine ndinagula bokosi la tomato lopaka golide.

Choncho abale anga a ku Dedza, Ntcheu ndi Mchinji, mverani. Mtondo ukang'aluka musawaze nkhuni. Makapu achitsulo a agogo musapatse ana kuti aziseweretsa. Mpando wa nsungwi ukafika pa maliro, ukhalireni, musausonkhezere. Amene akubwera ku Lusaka pa basi asanditengerenso usipa, kuno kapenta ndi wosayamba. Anditengere mipando yoluka inayi ndi malichero akale, akuda ndi utsi omwe, poti ndamva kuti amenewo ndiye odula. Za pa chipata cha Mwami ndilipira ine. Ndipo amene akufuna sofa ya golide ya mkono umodzi atsike pa thanki ya ku Chelstone, mtengo tikambirana, koma abwere atayeza chitseko chake.